Galu akamatuluka ngati mbuzi papepala: pomwe pamalakwika ndi kakonzedwe kake

Tsiku lina madzulo, dzuwa litapendeka koma nthaka ikadali yotentha ngati chiwaya, mwana wa mchemwali wanga anabwera pakhonde atanyamula kope lake. Anali atajambula galu wathu wa pakhomo pano ku Ngabu. Agogo ake analandira kopelo, n'kuliyang'anitsitsa, kenaka ndi chimwemwe chonse anati, "Iwe, mbuziyi waijambula bwino." Mwanayo nkhope inagwa. "Agogo, si mbuzi imeneyo. Ndi Mudzatopa." Atatero anatembenukira kwa ine. "Amalume, ndalakwitsa pati?"

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri kwa ana ndi akulu omwe, ndipo inenso linandisowetsa mtendere nditangoyamba kujambula. Wina galu wake amatuluka mbuzi, wina nkhumba, wina fisi. Ambiri akafika pamenepa amang'amba pepala n'kumati alibe luso. Ine ndimakana. Dzanja lomwe limatha kulemba dzina lanu likhoza kujambula galu. Chimene chimatisokoneza n'chakuti sitijambula galu amene wagona patsogolo pathu, timajambula chinyama cha miyendo inayi chomwe chili m'mutu mwathu. Ndiye kuno kuchigwa, kumene mbuzi ndi ng'ombe timalonjerana nazo pamsewu kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, chinyama cha m'mutucho chimakhala chosakanikirana: mimba ya mbuzi, miyendo ya tebulo, mchira wokha ndiwo wa galu.

Musathamangire labala. Yambani mwapeza pomwe pavuta. Tengani kapepala kena muphimbe mutu wa chojambula chanu, muyang'ane thupi lokha. Kodi likadali la galu? Kenaka phimbani thupi, musiye miyendo yokha, kenaka mutu wokha. Njira ina ndi yotembenuza pepala n'kulikweza kudzuwa kuti muone chithunzicho chakumbuyo. Maso anu anazizolowera zolakwazo, koma chithunzi chikatembenuka amaziona msanga ngati kuti anajambula ndi wina. Kawirikawiri mupeza kuti pavuta ndi pa miyendo yakumbuyo, pamimba, kapena pamphumi.

Miyendo yakumbuyo

Apa ndichedwapo, chifukwa agalu ambiri a papepala amawonongekera pamenepa.

Galu akaima, kumbuyo kwa mwendo wake kumaoneka kamfundo kosongoka, kotalikirako ndi nthaka. Ambiri amati limenelo ndi bondo, n'kumadabwa kuti bondo la galu limapindikira kumbuyo. Si bondo ayi, n'chidendene. Galu amayenda ndi zala. Chidendene chake sichigunda pansi akamayenda, chimakhala m'mwamba. Bondo lenileni lili pamwamba, pafupi ndi mimba, ndipo limaloza kutsogolo ngati lathu lomweli, kungoti labisika m'minofu ya ntchafu.

Kuti mukhulupirire, yesani ndi thupi lanu. Gwirani khoma, muime ndi zala zakumapazi, zidendene m'mwamba, mupinde mawondo pang'ono, wina akuyang'aneni cham'mbali. Mmene wakhalira mwendo wanuwo ndi mmene ulili wa galu. Mwana uja ndinamuimiritsa choncho pabwalo, ine n'kutsatira mthunzi wa mwendo wake pansi ndi kamtengo. Atatsika n'kuyang'ana chomwe chinatsala padothi, anangoti, "Aa! Ndi wa Mudzatopa umenewu." Kuyambira tsiku limenelo sanajambulenso mwendo wowongoka ngati mtengo wa khasu.

Papepala chitani chonchi. Musanajambule mnofu, ikani timadontho tinayi: m'chiuno, pabondo, pachidendene ndi paphazi. Mzere woyamba uchoke m'chiuno kutsikira chakutsogolo mpaka pabondo. Wachiwiri uchoke pabondo kubwerera chakumbuyo mpaka pachidendene. Wachitatu utsike kuchokera pachidendene molunjika pansi. Pomaliza kaphazi kafupi koloza kutsogolo. Zikaoneka ngati mphezi yokhotakhota ndiye kuti mwakhoza. Tsopano vekani mnofu: pamwamba potakata, pansi powonda, monga ikhalira ntchafu ya nkhuku m'mbale. Pansi pa chidendene palibe mnofu wambiri, ndi fupa, mitsempha ndi khungu basi, choncho musanenepetse pamenepo.

Mwendo wakutsogolo suvuta kwambiri. Chigongono chili m'munsi mwa chifuwa, chophatikana ndi thupi. Kuchokera pamenepo mwendo umatsika molunjika, ndipo cha pafupi ndi nthaka pali kamfundo kena, kofanana ndi malo amene ife timavalapo wotchi. Kwa agalu athu a m'midziwa, kuchokera pachigongono kufika pansi ndi pafupifupi theka la msinkhu wa galuyo mukayeza kuchokera paphewa. Mukafupikitsa pamenepa mupeza nkhumba. Mukatalikitsa miyendo yakutsogolo kuposa yakumbuyo, msana umatsetserekera kumchira ndipo mwajambula fisi.

Phazi nalo limaulula. Mbuzi imaponda ndi chiboda chogawika pawiri, chifukwa chake mwendo ukathera mosongoka kapena modukiza ngati chitsa, diso la woona limangoti mbuzi. Galu ali ndi zala zinayi zoponda pansi, ndipo kumiyendo yakutsogolo kuli kachala kachisanu cham'kati, m'mwamba pang'ono, kosafika pansi. Phunziro labwino la phazi lili pamjigo. Pitani m'mawa pamene matope akadali ofewa, muone pomwe galu waponda: timazira tinayi kutsogolo, kamtsamiro kakakulu kumbuyo, ndi timadontho ta zikhadabo. Jambulani chidindo chimenecho kangapo musanayese phazi lenileni.

Mimba ndi chifuwa

Mbuzi imabzikula, ndiye mimba yake ndi yaikulu, yolendewera ngati mtsuko. Galu ndi wothamanga. Chachikulu pathupi pake ndi chifuwa, ndipo mimba imalowa m'mwamba ikamayandikira miyendo yakumbuyo. Oyamba kumene amajambula thupi lonse ngati mgolo umodzi, mzere wa pansi n'kuyenda mofanana ndi wa msana. Cholakwa chimenechi pachokha n'chokwanira kusandutsa galu kukhala mbuzi.

Jambulani mazira awiri mopepuka, osadinikiza pensulo. Lalikulu likhale chifuwa, laling'ono likhale chiuno, pakati pasiyike kampata. Lumikizani pamwamba ndi mzere wa msana, woyenda pafupifupi molunjika. Pansi, mzere uchoke pachigongono n'kumakwera pang'onopang'ono kulowera kuchiuno. Mukaona kuti thupi latalika ngati la ng'azi, yezani: tambasulani mkono mutagwira pensulo, tsinzinani diso limodzi, muyeze galuyo kuchokera paphewa kufika pansi, chala chachikulu chigwire pomwe muyezo wathera. Kenaka pingasani pensuloyo muyeze kuchokera pachifuwa kufika pomwe mchira wayambira. Mupeza kuti kutalika kwa thupi kumangoposa msinkhu pang'ono.

Galu ali ndi nthiti 13 mbali iliyonse, koma musaziwerenge papepala. Timizere titatu kapena tinayi topepuka, totsata kupindika kwa chifuwa, tikwanira. Ndinene pano kuti kujambula kunandiphunzitsa kuona zomwe ndinkangozidutsa. Nditakhala tsiku lonse ndikuyang'ana galu wathu m'nyengo ina ya njala, ndinaona kuti nthiti zonse zikuwerengeka ndipo m'makutu mwadzaza nkhupakupa. Ndinasiya pensulo, n'kuyamba ndathana ndi zimenezo. Mukaona choncho pa galu wanu, chithunzi chidikire.

Mutu

Mutu wa galu ndi zinthu ziwiri zolumikizana: chibade chozungulira ngati lalanje, ndi mlomo wonga kapu yomata kutsogolo kwa lalanjelo, cham'munsi pang'ono. Kwa agalu athuwa, mlomo ndi chibade zimatalika pafupifupi mofanana. Pomwe ziwirizi zakumana, pakati pa maso, pali kapotsika, ngati kasitepe ka pakhonde. Nkhope ya mbuzi imatsetsereka kuchokera pamphumi mpaka kumphuno popanda kasitepe koonekera chotero. Mukaiwala kapotsikako mwabwereranso kukhola. Mukasongola mlomo kwambiri n'kuwonjezera mchira wa ubweya wambiri, mwapeza nkhandwe.

Maso a mbuzi ali cham'mbali mwa mutu, ndipo kamwana ka diso lake n'kopingasa. A galu amayang'ana chakutsogolo, kamwana kake n'kozungulira. Musawakulitse ngati a munthu, ndipo choyera cha diso chisaoneke kwambiri. Detsani diso lonse koma musiye kadontho kamodzi koyera, mbali yomwe kukuchokera kuwala. Kadontho kameneka ndiko kamampatsa galu moyo. Mukakadetsa mwangozi, kabwezereni ndi nsonga ya labala yodula ndi lezala.

Mzere wa pakamwa umapita kutali kuposa mmene ambiri amaganizira, umakafika cha pansi pa diso. Kuno kwathu galu nthawi zambiri mumupeza kukamwa kuli yasa, lilime panja, akupuma wefuwefu, chifukwa satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupumako. Mukamajambula ali choncho, kumbukirani kuti chibwano cham'munsi chokha ndicho chimatsika, cham'mwamba chimakhala pomwe chinali. Galu wamkulu ali ndi mano 42, koma mukawaonetsa onse atuluka ng'ona ya mu Shire. Nsonga za mano aatali aja zikwanira.

Makutu asamere pakati pa mutu ngati nyanga. Amayambira m'makona a chibade, kumbuyo kwa maso, ndipo patsinde pake ndi potakata. Yang'anitsitsani a galu wanu, chifukwa makutu ndiwo amasiyanitsa galu uyu ndi uyo. Wina onse ali njo, wina onse ndi ogwa, wathu limodzi limaima, linalo linapindika kunsonga. Mukawazungulitsa ngati masamba a mbatata n'kuwakulitsa, mwajambula mmbulu, ngati mimbulu ija inabwezeretsedwa kunkhalango ya Majete mu 2021. Imeneyo ndi nyama yokongola kuijambula, ya mawanga akuda, oyera ndi achikasu, koma si galu wa pakhomo, ndipo ilibe nako kachala kachisanu kaja.

Kamwana ka galu si galu wamkulu wochepetsedwa. Mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, mlomo ndi waufupi, mapazi ndi aakulu, kamimba n'kotukuka. Apa pokha mimba yozungulira ndi yololedwa.

"Koma sakhazikika"

Ili ndiye dandaulo lomwe limabwera mobwerezabwereza. Mwangoyamba mutu, galu wadzuka, wathamangira nkhuku. Kumumanga sikuthandiza, amangovutika n'kumalira, ndipo galu womangidwa saima mmene amaimira ali womasuka.

Chigwa chathuchi chimatithandiza pamenepa. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, galu masana safuna zoyendayenda. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mukamuona akukanda pansi pa nkhokwe kapena pafupi ndi potsukira mbale, akufuna dothi lozizira loti agonepo, ndipo akagona pamenepo sadzuka msanga. Nthawi yanu ndi imeneyo. Yalani mphasa pamthunzi, mapazi angapo kuchokera pomwe ali, muyambe. Galu wogona ndiye mphunzitsi woyamba. Akadzipinda ngati nkhata, jambulani kaye nkhatayo, kenaka mupeze pomwe mphuno yabisala ndi pomwe chidendene chatulukira.

Kwa galu woima kapena woyenda, sinthani cholinga. Musafune chithunzi chimodzi chomalizika. Dzipatseni masekondi 30 pa galu aliyense, muyambe ndi mzere umodzi wochokera kumphuno, kudzera pamsana, mpaka kunsonga ya mchira, kenaka mazira awiri aja ndi timitengo ta miyendo. Akasuntha, musafufute, yambani wina pambali pake. Posakhalitsa abwereranso mmene anakhalira poyamba, ndipo mupitiriza pomwe munasiyira. Tsamba limodzi likhale ndi agalu khumi osamalizika. Ambiri mwa iwo sasangalatsa, koma dzanja limaphunzira m'menemo kuposa pa chithunzi chimodzi chomwe mwakhalira masana onse mukufufuta.

Mukafuna galu wothamanga pang'onopang'ono, monga amachitira akamatsatira njinga ya mbuye wake, dziwani kuti miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasa: wakutsogolo wakumanzere umapita limodzi ndi wakumbuyo wakumanja.

Chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena ndi mtima wonse. Jambulani galu wodziwika, amene analandira katemera wa chiwewe. Galu wachilendo, woyamwitsa, kapena amene akudya, mumuonere patali, makamaka ngati ojambulawo ndi ana. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Ena amathawira kufoni, kuti chithunzi sichisuntha. N'zoona, ndipo palibe cholakwa, koma foni ili ndi msampha wake. Mukatola chithunzi mutaima, galu ali pafupi ndi mapazi anu, mutu umatuluka waukulu ndipo miyendo imafupika. Mukakopera zimenezo mokhulupirika, anthu adzati mwalakwitsa pomwe mwangotsatira foni. Njutani mpaka foni ifanane ndi phewa la galuyo, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo, ndiye mutole. Komanso musayambire pa zithunzi za pa intaneti za agalu a ubweya wambiri a kumayiko ozizira. Ubweyawo umabisa mfundo zonse. Agalu athu a ubweya waufupi amaonetsa fupa lililonse, ndipo wophunzira sangapeze poyambira pabwino kuposa pamenepo.

Pepala likamada lokha

Vuto ili ndi lathu lenileni kuno kotentha. Mwajambula bwinobwino, koma pomaliza pepala lonse lachita mbuu, mizere yafufutika, malo ena latupa. Ndi thukuta la m'mbali mwa dzanja limene likukoka pensulo. Ikani kapepala koyera pansi pa dzanja lanu, ndipo mukafuna kusuntha muzikanyamula, osakakoka. Ngati mumalembera kumanja, yambirani kumtunda chakumanzere n'kumatsikira kumanja. Amanzere atembenuze. Pepala likanyowa musafufute, labala ang'amba. Lisiyeni liume kaye.

Pensulo ya HB, yomwe ana amapita nayo kusukulu, ndi yokwanira poyambira. Mukapeza 2B kapena 4B, zimenezi ndi zofewa ndipo zimadetsa kwambiri, zabwino pa mphuno ndi maso, koma ndizonso zimafufutika msanga ndi thukuta, choncho muzizigwiritsa ntchito pomaliza. Mizere yoyamba ikhale yopepuka moti munthu ataima patali asaione. Ambiri amadinikiza kuyambira pachiyambi, pensulo n'kukumba kamsewu m'pepala, ndipo kamsewuko sikachoka ngakhale mufufute bwanji. Gwirani pensulo chakumtunda, kutali ndi nsonga, dzanja lipepuka lokha.

Kusowa mapepala kusakuletseni. Kumbuyo kwa kalendala yakale, katoni, ndi pepala la thumba la simenti zonse zimalandira makala bwino. Bwalo losesedwa ndi kamtengo ndiye kope losatha: mwendo wakumbuyo uja mukhoza kuujambula maulendo makumi awiri, n'kumafufuta ndi phazi. Zomwe mwazikonda sungani m'jumbo, pakati pa chithunzi ndi chinzake muikepo pepala loyera, ndipo mupachike m'mwamba. Chiswe sichisankha, ndipo amene tinaona madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa kuti chokhala pansi m'nyumba za kuchigwa sichichedwa kupita. Muzilemba tsiku pakona. Tsiku lomwe mtima wagwa, tulutsani za miyezi itatu yapitayo muziyerekeze ndi za lero.

Za ubweya sindinena zambiri. Musajambule tsitsi limodzilimodzi, galu atuluka nungu. Timizere tochepa totsata komwe ubweya wagonera, kuchokera kumutu kulowera kumchira, pakhosi ndi pantchafu, n'tokwanira. Galu wakuda musamudetse yense. Siyani powala pamsana, paphewa ndi pamwamba pa mlomo, apo ayi asanduka chithunzithunzi chopanda mfundo. Dzuwa la masana kuno limachokera pamutu penipeni n'kupha maonekedwe onse, choncho ngati mukufuna kuphunzira mithunzi, jambulani m'mawa kapena chakumadzulo pamene kuwala kukuchokera m'mbali. Ndipo pansi pa mapazi ikanipo kamthunzi, kuti galu aponde nthaka, asaoneke ngati akuuluka.

Patatha milungu itatu mwana uja anabweranso pakhonde ndi kope lomwe lija, masamba ambiri atadzaza miyendo yokhayokha. Patsamba lomaliza panali galu wathunthu, ataima, chidendene m'mwamba, mimba italowa. Agogo ake anapukuta manja pachitenje, n'kulandira kopelo. "Eee, uyu ndiye Mudzatopa. Taonani khutu lake lopindika lija." Mapazi anali akadali ngati timiyala, ndipo khosi linafupika. Tinagwirizana kuti Loweruka m'mawa tilawirira kumjigo, anthu asanapondeponde matope.